Mabwana Awiri a pa Kanema: Wina ku House of Lords, Wina ku White House

Mu January 2004 wailesi yakanema ya NBC ku America inayamba kuonetsa pulogalamu yatsopano yotchedwa The Apprentice. Siinali sewero. Inali imodzi mwa mapulogalamu aja amene amatenga anthu wamba, n'kuwapikisanitsa, makamera akuwatsatira usana ndi usiku. Anthu 16 anawasonkhanitsa mu mzinda wa New York kuti alimbirane ntchito imodzi ya malipiro a madola 250,000 pachaka pa kampani ya Donald Trump. Ntchito yoyamba imene anawapatsa inali yogulitsa chakumwa cha mandimu m'misewu ya Manhattan, geni imene ku America amaiona ngati ya ana. Gulu lopeza ndalama zochepa linkaitanidwa m'chipinda cha misonkhano, ndipo Trump ankaloza mmodzi wa iwo n'kumuuza mawu awiri amene dziko lonse linawaloweza posakhalitsa, akuti "You're fired," kutanthauza kuti ntchito yatha. Usiku womaliza, pamene Bill Rancic anapambana, anthu pafupifupi 28 miliyoni anali akuonera.

Patangotha chaka chimodzi, mu February 2005, BBC inatulutsa pulogalamu yomweyo ku Britain. Opikisana anali 14, ntchito yoyamba inali yogulitsa maluwa mu London, mphoto inali ntchito ya mapaundi 100,000 pachaka, ndipo pampando wa bwana panakhala Alan Sugar, mwini kampani ya zipangizo zamagetsi ya Amstrad. Malamulo anali omwewo, chala cholozera chomwecho, mawu ochotsera munthu omwewo. Koma amene anaonerapo mapulogalamu onse awiri amadziwa kuti ufa unali umodzi, ophika ndiwo anali osiyana. Ku America woonera ankayang'ana bwana n'kumasirira. Ku Britain woonera ankayang'ana opikisanawo n'kumafa nalo phwete.

Taonani mmene ya ku America inayambira. Trump ali m'galimoto lalitali lakuda, kenako mu helikopita yolembedwa dzina lake m'mbali, akufotokoza yekha mmene anamirira m'ngongole za mabiliyoni a madola n'kuvuukamo. Gulu limene linapambana sabata yoyamba mphoto yake inali yokaona nyumba imene Trump ankagonamo pamwamba pa Trump Tower, yodzaza ndi miyala yonyezimira ndi zokutira zagolide, ndipo opambanawo ankayenda m'zipindamo maso ali mwamba ngati alowa m'kachisi. Nyimbo yotsegulira inali "For the Love of Money" ya gulu la O'Jays, ya m'chaka cha 1973. Mutu wa nyimboyi unachokera pa 1 Timoteyo 6:10, vesi lochenjeza za kukonda ndalama, ndipo nyimbo yonse ikunena za zoipa zimene anthu amachita pofuna chuma. Opanga pulogalamu anatengapo kukoma kwa maimbidwe ake, chenjezolo n'kulisiya pakhomo.

Ya ku Britain imayamba ndi nyimbo yolemera ya Sergei Prokofiev, yomveka ngati asilikali akupita kunkhondo, ndipo pa kanemapo mumaona anyamata ndi atsikana ovala masuti akukoka masutikesi m'misewu ya London. Aliyense amapatsidwa kamphindi koti adzitame: wina amati sanalepherepo chibadwire, wina amati chilichonse chimene wagwira chimasanduka ndalama. Woonera wa ku Britain amadziwa kale kuti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo chimene akudikira ndi kung'ambikako. Sadikira nthawi yaitali. Mu 2007 gulu lina linatumidwa kukagulitsa zakudya za ku Britain pamsika wa ku France, ndipo linanyamula tchizi chotchipa cha m'sitolo yaikulu kupita nacho kwa anthu amene amanyadira tchizi chawo kuposa mtundu wina uliwonse. Chaka chotsatira, mumsika wa ku Marrakesh, mnyamata amene analemba pa kalata yake yofunsira mpikisano kuti ndi Myuda wabwino anatumidwa nkhuku yophedwa mwa mwambo wa Chiyuda, iye n'kukagula kwa wopha nyama wachisilamu. Sugar, yemwenso ndi Myuda, anamufunsa mafunso amene dziko lonse linakhala likuseka kwa sabata yathunthu. Kamera ikatopa ndi opikisana imapita pankhope ya mlangizi wa Sugar, monga Nick Hewer m'zaka zoyambirira, amene ankangofinya milomo osanena kanthu. Gulu logonja silipita kuhotela. Limakakhala m'katiyirumu kosaoneka bwino, monga Bridge Café ku Acton, kumwa tiyi n'kumalozana zala.

Kusiyana kumeneku sikunayambire pa kanema. Kuti tikumvetse tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka zoposa 200.

Britain ndi dziko limene linayambitsa mafakitale amakono, koma ulemu m'dzikomo sunkachokera kufakitale. Unkachokera kunthaka. Njonda yeniyeni inali munthu wokhala ndi esiteti kumudzi, wodya ndalama za lendi, wosagwira ntchito ndi manja ake komanso wosaima pakauntala. Wamalonda, kaya alemere bwanji, ankatchedwa munthu wa malonda basi, ndipo mawuwo sanali oyamikira. Choncho munthu akapeza chuma m'bizinesi ankathamangira kukachichapa. Richard Arkwright anayamba ngati wometa tsitsi ndi wopanga mawigi ku Bolton, anamanga fakitale yopota ulusi wa thonje ku Cromford mu 1771, ndipo atalemera anapatsidwa ulemu wa Sir mu 1786 n'kuyamba kumanga chinyumba chachifumu cha Willersley Castle, chimene anamwalira asanagonemo. Bambo ake a Robert Peel analemera ndi nsalu za thonje ku Lancashire, koma mwana wawo anamutumiza kusukulu ya Harrow ndi kuyunivesite ya Oxford, ndipo anadzakhala nduna yaikulu ya dziko. Njira inali imeneyo: agogo pafakitale, bambo pa esiteti, mdzukulu ku Nyumba ya Malamulo atasiya kununkha utsi. Jane Austen anaziona bwino zimenezi. M'buku lake la 1813 la Pride and Prejudice muli atsikana awiri amene amanyoza anzawo chifukwa choti malume awo ndi wamalonda wa mu London, pamene chuma cha atsikana onyozawo chinachokera m'malonda momwemo. Kusiyana kwake n'kwakuti chawo chinali chitachapidwa kale.

Sopo wake wa nthakayu ankachapa ngakhale magazi. Ndalama zambiri zimene zinagula maesiteti a ku Britain zinachokera m'minda ya nzimbe ya ku Caribbean, yolimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa. Pamene ukapolo unathetsedwa ndi lamulo la 1833, boma linapereka mapaundi 20 miliyoni a chipepeso kwa eni akapolo, akapolowo osalandira kalikonse. Mmodzi mwa amene analandira zochuluka kwambiri anali John Gladstone, wamalonda wa ku Liverpool, amene mwana wake William anaphunzira ku Eton ndi ku Oxford ndipo anakhala nduna yaikulu kanayi. Ndiye tisaganize kuti anthu apamwamba a ku Britain ankanyansidwa ndi magwero a ndalama. Chimene ankanyansidwa nacho chinali kuona munthu akuzifunafuna poyera, thukuta lili kamukamu.

Nkhani ya Thomas Lipton, mwini dzina lija timaliona pa mapaketi a tiyi, ikusonyeza maiko onse awiri nthawi imodzi. Anabadwira m'banja losauka ku Glasgow mu 1848. Ali mnyamata anakwera sitima kupita ku America, kumene anagwira maganyu m'minda ya fodya ndi ya mpunga, kenako m'golosale ina ku New York. Kumeneko anaphunzira kuti malonda amafuna phokoso. Atabwerera kwawo anatsegula golosale yake mu 1871 n'kuyamba zinthu zimene anthu a ku Glasgow anali asanazionepo: kuyendetsa nkhumba m'misewu zitalembedwa dzina la sitolo, kuitanitsa tchizi chachikulu ngati nyumba n'kubisamo ndalama zagolide. Mu 1890 anagula minda ya tiyi ku Ceylon, dziko limene lero ndi Sri Lanka. Anapatsidwa ulemu wa Sir mu 1898, anali bwenzi la Mfumu Edward VII, ndipo kasanu konse, kuyambira 1899 mpaka 1930, anawononga chuma chake poimira Britain pa mpikisano wa maboti wa America's Cup. Komabe kalabu ya njonda za maboti ya Royal Yacht Squadron inamukaniza kulowa kwa zaka zambiri, chifukwa kwa iwo anali wagolosale. Inamulola mu 1931, chaka chimene anamwalira. Anthu a ku America, amene ankamugonjetsa nthawi zonse pa mpikisanowo, anasonkherana ndalama n'kumupangira chikho chagolide chomuthokoza chifukwa chogonja mwaulemu.

Ku America zinthu zinayamba mwina. Malamulo aakulu a dzikolo, amene analembedwa mu 1787, amaletsa boma kupereka maudindo achifumu monga Lord kapena Duke. Popanda makwerero amenewo, chuma chenichenicho chinasanduka udindo. Alexis de Tocqueville, wa ku France amene anayendera dzikolo mu 1831, anadabwa ndi zinthu ziwiri: mmene anthu ake ankalemekezera kufunafuna ndalama, ndi mmene ankakhululukira munthu wogwa pa bizinesi. Chipembedzo nachonso chinathira mchere. M'busa wa mpingo wa Baptist, Russell Conwell, amene anayambitsa Temple University ku Philadelphia, analankhula nkhani yake yotchedwa "Acres of Diamonds" maulendo oposa 6,000, akuuza anthu kuti kulemera mwachilungamo ndi udindo wa Mkhristu. Patapita zaka kunabwera m'busa wina, Norman Vincent Peale, amene buku lake la 1952 la The Power of Positive Thinking linkaphunzitsa kuti munthu asalole ganizo la kulephera kulowa m'mutu mwake. Banja la a Trump linkapemphera kutchalitchi cha Peale, Marble Collegiate Church ku Manhattan, ndipo Peale yemweyo ndi amene anadalitsa ukwati woyamba wa Donald Trump mu 1977. Kudzitama kumene munthu wa ku London amakuona ngati kupanda mwambo, Trump anakuphunzira ali pa benchi ya m'tchalitchi.

Sikuti nthano yakuti aliyense akhoza kulemera inali ya aliyense. Anthu akuda pafupifupi 4 miliyoni anali akapolo mpaka nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1865, ndipo nthaka imene ankaigawa ngati yopanda mwini inali ndi eni ake. Sikutinso anthu a ku America sanadanepo ndi ampondamatiki. Zolemba za mtolankhani Ida Tarbell zinathandiza kuti khoti lalikulu ligawe kampani ya mafuta ya Standard Oil ya John D. Rockefeller mu 1911. Koma nthanoyo inali ndi anthu enieni oiikira umboni, ndipo wamkulu mwa iwo anachokeranso ku Scotland. Andrew Carnegie, mwana wa woluka nsalu wa ku Dunfermline, anafika ku America mu 1848 ali ndi zaka 12, anayamba ntchito m'fakitale ya thonje, ndipo mu 1901 anagulitsa kampani yake yazitsulo pa mtengo wa madola 480 miliyoni.

Mwina pamene maiko awiriwa amasiyana kwambiri ndi pa nkhani ya kugwa. Ku England munthu wolephera kubweza ngongole ankatsekeredwa m'ndende mpaka lamulo la 1869 linachepetsa mchitidwewu. Bambo ake a Charles Dickens anatsekeredwa m'ndende ya Marshalsea mu 1824, mwanayo ali ndi zaka 12 n'kumagwira ntchito m'fakitale ya polishi wa nsapato, ndipo manyazi amenewo anamutsatira moyo wake wonse. Ku America mbiri ya anthu otchuka ndi yodzaza ndi kugwa kumene amakunena monyadira. Kampani yoyamba ya magalimoto ya Henry Ford inatha mu 1901, ya Ford Motor Company isanabadwe mu 1903. Kampani yoyamba ya makatuni ya Walt Disney inagwa mu 1923. Lamulo la 1978, pa gawo lake lotchedwa Chapter 11, limalola kampani yomira m'ngongole kupempha khoti kuti liitchinjirize kwa angongole, iyo ikupitiriza malonda, nthawi zambiri mabwana ake ali pampando pomwepo. Makampani a Trump a mahotela ndi nyumba za juga anadutsa pakhomo limeneli kangapo kuyambira 1991 mpaka 2009. Ulendo umodzi unali mu November 2004, gawo lachiwiri la The Apprentice lili mkati, mwini wake akuchotsa anthu ntchito sabata iliyonse chifukwa chosadziwa bizinesi. Oonera sanasiye kuonera. Ku Britain boma la Tony Blair linaona kuti kuopa kugwa kukulepheretsa anthu kuyamba mabizinesi, ndipo lamulo la Enterprise Act la 2002 linafupikitsa nthawi imene munthu wogwa amakhala womangika, kuchoka pa zaka zitatu kufika pa chaka chimodzi. Lamulolo linayamba kugwira ntchito mu 2004, kutangotsala miyezi yochepa kuti Sugar aoneke pa kanema.

Wailesi zakanema zinali zitakonza kale maso a anthu. M'zaka za m'ma 1980 anthu a ku America ankaonera Dallas ndi Dynasty, masewero a mabanja olemera ndi mafuta, amene ngakhale woipa wake ankasiririka. Ku Britain wamalonda wa pa kanema anali munthu woseketsa. Mu Steptoe and Son anali bambo ndi mwana wake otolera zinthu zakutha pa ngolo ya hatchi. Mu Fawlty Towers anali mwini hotela wodana ndi makasitomala ake. Wokondedwa kwambiri anali Del Boy wa mu Only Fools and Horses, sewero limene linayamba mu 1981: venda wa ku Peckham wogulitsa katundu wokayikitsa kuchokera m'sutikesi, amene chaka chilichonse ankalonjeza mng'ono wake kuti chaka chamawa adzakhala ampondamatiki. Pa Khrisimasi ya 1996 analemeradi, atapeza wotchi yakale m'galaja imene inagulidwa mapaundi oposa 6 miliyoni, ndipo anthu oposa 24 miliyoni anaonera. Seweroli litabweranso mu 2001, chinthu choyamba chimene wolemba anachita chinali kumulanda chuma chonsecho. Del Boy wolemera analibe ntchito kwa oonera. Ankamukonda akamalota, osati akapeza.

Margaret Thatcher, mwana wa wagolosale wa ku Grantham, anayesetsa kusintha mtima umenewu. Atalowa m'boma mu 1979 anapeza msonkho wapamwamba wa pa malipiro uli pa 83 peresenti, anautsitsa kufika pa 60 chaka chomwecho, ndipo mu 1988 unafika pa 40. Mu 1981 katswiri wa mbiri yakale wa ku America, Martin Wiener, anatulutsa buku lonena kuti chuma cha Britain chinabwerera m'mbuyo chifukwa ana a eni mafakitale anaphunzitsidwa kunyoza mafakitale. Akatswiri ena anatsutsa mfundoyi, koma anthu a Thatcher anaikonda kwambiri. Alan Sugar anali chitsanzo chimene ankachifuna. Anabadwa mu 1947 ku Hackney, kum'mawa kwa London, anakulira m'nyumba ya khonsolo, bambo ake anali telala, anasiya sukulu ali ndi zaka 16, ndipo anayamba ndi kugulitsa ma eriyo a mawailesi a m'galimoto kuchokera kumbuyo kwa kavani. Dzina loti Amstrad, kampani imene anaiyambitsa mu 1968, linachokera ku zilembo za dzina lake. Mu 1985 anatulutsa kompyuta yolembera makalata, pamodzi ndi makina ake osindikizira, pa mtengo wa mapaundi 399, ndipo inalowa m'maofesi ang'onoang'ono ndi m'nyumba zambiri. Chaka chotsatira anagula bizinesi ya makompyuta ya Clive Sinclair. Koma m'zaka zomwezo katswiri wa nthabwala Harry Enfield anatchuka ndi munthu wake wa m'sewero wotchedwa Loadsamoney, mmisiri wopaka pulasitala amene ankagwedeza mpukutu wa ndalama pamaso pa anthu osauka. Dziko linalola kuti anthu alemere, koma silinasiye kuwaseka.

Apa pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza nkhani yosavuta yakuti America imakonda odzipangira okha chuma pamene Britain imakonda obadwa nacho. Choyamba, mwa mabwana awiriwa amene anachokeradi kufumbi ndi wa ku Britain. Trump ndi mwana wa Fred Trump, amene anamanga nyumba zikwizikwi zalendi ku Brooklyn ndi ku Queens, ndipo kafukufuku wa nyuzipepala ya The New York Times mu 2018 anapeza kuti analandira kwa bambo akewo ndalama zosachepera madola 413 miliyoni poziwerengera pa mphamvu ya dola ya chaka chimenecho. Akatswiri ofufuza za chuma apezanso kuti mwana wa munthu wosauka ku America alibe mwayi woposa wa ku Britain wokwera pamwamba. Maiko onse awiri amatsalira kumbuyo kwa Canada, Denmark ndi Norway. Chimene chimasiyana ndi nkhani imene dziko lililonse limakonda kudzisimbira.

Chachiwiri, amene anagulitsa loto la America kwa anthu a ku America pa kanema anali anthu a ku London. Pulogalamu ya Lifestyles of the Rich and Famous, imene kuyambira 1984 inkayendetsa oonera m'nyumba ndi m'maboti a anthu olemera, mwini mawu ake anali Robin Leach, wobadwira ku London. Amene anayambitsa The Apprentice ndi Mark Burnett, mwana wa ogwira ntchito m'fakitale kum'mawa kwa London, amene anali msilikali wodumpha m'ndege pa nkhondo ya ku Falklands mu 1982. Chaka chomwecho anapita ku Los Angeles, anagwira ntchito yolera ana a anthu olemera, kenako n'kumagulitsa matisheti m'mbali mwa nyanja ku Venice Beach. Anatchuka ndi pulogalamu ya Survivor mu 2000. Monga Lipton ndi Carnegie, anali mlendo amene anakhulupirira nthano ya America kuposa eni ake, ndipo ankadziwa mmene angaijambulire. Chipinda cha misonkhano chimene Trump ankachotseramo anthu sichinali ofesi yake yeniyeni. Opanga pulogalamu anachita kuchimanga mkati mwa Trump Tower, n'kuchipatsa matabwa akuda ndi kuwala kochepa kuti bwana azioneka ngati woweruza. Naonso a BBC anachita zawo: kamera imauluka pamwamba pa nyumba zitalizitali zagalasi za mu London, pamene likulu la Amstrad linali ku Brentwood, m'dera la Essex.

Pali mapulogalamu ena awiri amapasa amene akusonyeza zomwezi. Anachokera ku Japan, kumene mu 2001 Nippon TV inayambitsa pulogalamu ya anthu amalonda opempha mpamba kwa anthu achuma otchedwa akambuku. BBC inaitenga mu January 2005 n'kuitcha Dragons' Den, akambuku aja n'kusanduka zinjoka. Malo ake ndi chipinda cha njerwa zosapaka ngati nkhokwe yakale ya katundu, anthu asanu atakhala pamipando, milu ya ndalama ili pambali pawo. Wopempha mpamba amafunsidwa za phindu, za ngongole ndi za mtengo wopangira katundu mpaka mawu atamuthera. Mu 2006 Rob Law anabwera ndi Trunki, kasutikesi ka ana kokhala ndi matayala. Theo Paphitis anakoka lamba wake mpaka kudula, ndipo Law anatuluka chimanjamanja, koma masutikesiwo anadzagulidwa mamiliyoni. Amene dziko linamukonda ndi Levi Roots, wobadwira ku Jamaica, amene mu 2007 analowa akuimba ndi gitala, anasokoneza masamu ake pamaso pa zinjokazo thukuta lili chuchuchu, koma anapatsidwa mapaundi 50,000 posinthana ndi 40 peresenti ya bizinesi yake ya msuzi wa Reggae Reggae Sauce. Patapita masabata ochepa msuziwo unali m'masitolo a Sainsbury's. Ndiye wopambana amene Britain imamulola: wochokera pansi, wodzichepetsa, wolakwitsa pang'ono.

Ku America pulogalamuyi inafika mu August 2009 pa ABC ndi dzina loti Shark Tank, ndipo wopanga wake anali Mark Burnett yemwe uja. Zitseko zake ndi zazikulu, magetsi ndi owala, opempha mpamba amasimba za ana awo ndi za nyumba imene anaikira chikole, misozi imatuluka, ndipo pakati pa pulogalamu amaonetsa amene analandira ndalama kale mmene alemerera. Ngakhale wokanidwa amasanduka ngwazi. Jamie Siminoff anabwera mu 2013 ndi belu la pakhomo lokhala ndi kamera, anachoka wopanda mgwirizano, ndipo mu 2018 Amazon inagula kampani yake ya Ring pa mtengo wa pafupifupi madola 1 biliyoni. Chaka chomwecho anamuitana kuti adzakhale pampando wa anthu achuma aja.

Kuno kum'mwera kwa Africa The Apprentice inafika msanga. Mu 2005 SABC inaonetsa yakeyake, ndipo bwana wake anali Tokyo Sexwale, amene anakhalapo mkaidi pa chilumba cha Robben Island, kenako nduna yaikulu ya chigawo cha Gauteng, kenako mpondamatiki wa migodi. Mu 2009 anabwerera m'boma ngati nduna. Kumeneko njira inayenda chobwerera: ndale ndi zimene zinatsegula khomo la bizinesi, kanema n'kubwera pambuyo.

Mathero a mabwana awiri aja ndi amene amandichititsa chidwi kwambiri, chifukwa dziko lililonse linalipira bwana wake ndi ndalama ya kwawo. Sugar anali atalandira kale ulemu wa Sir mu 2000. Anagulitsa Amstrad kwa BSkyB mu 2007 pa mtengo wa mapaundi 125 miliyoni, ndipo mu 2009 boma la Gordon Brown linamulowetsa mu House of Lords ndi dzina loti Baron Sugar of Clapton, dera lomwe lija anakuliramo m'nyumba ya khonsolo. Kuyambira pamenepo opikisana amamutchula kuti Lord Sugar pa chiganizo chilichonse. Mlangizi wake Karren Brady analowa m'nyumba yomweyo mu 2014. Ndi njira yakale ija ya Arkwright ndi Lipton, yongoti tsopano esiteti sifunikanso. Mu 2011 mphoto ya pulogalamuyi inasintha: wopambana salembedwanso ntchito, amapatsidwa mpamba wa mapaundi 250,000 kuti ayambe bizinesi yogawana pakati ndi Sugar. Woyamba kuilandira anali Tom Pellereau, mnyamata wofatsa amene gulu lake linkagonja pafupifupi sabata iliyonse, wopanga kachipangizo kokhota kosalazira zikhadabo.

Trump analibe House of Lords yoti alowemo. The New York Times inapeza mu 2020 kuti pulogalamuyi, pamodzi ndi malonda a dzina lake amene inabweretsa, inamupatsa madola pafupifupi 427 miliyoni. Inamupatsanso china choposa ndalama: kwa zaka zoposa 10 anthu mamiliyoni ankamuona sabata iliyonse ali pampando wautali, akumvetsera mbali zonse, akugamula mosazengereza, aliyense akumutchula kuti Mr Trump. Pa 16 June 2015 anatsika pa masitepe oyenda okha a mu Trump Tower momwemo n'kulengeza kuti akufuna upulezidenti. NBC inathetsa ubale wake ndi iye mwezi womwewo chifukwa cha zimene ananena za anthu ochokera ku Mexico, mpando wake n'kuupereka kwa Arnold Schwarzenegger. Mu November 2016 anasankhidwa, ndipo anadzasankhidwanso mu 2024.

Mu February 2017, patangotha masabata awiri chilumbirireni, Pulezidenti Trump anapita ku mwambo wa mapemphero wa National Prayer Breakfast ku Washington, kumene kumasonkhana aphungu, atsogoleri a zipembedzo ndi alendo ochokera maiko ena. Amene anamuitanira kutsogolo kuti alankhule anali Mark Burnett. Trump atafika pa maikolofoni anauza anthuwo kuti chichokereni iye, oonera The Apprentice achepa kwambiri, ndipo anawapempha kuti amupempherere Arnold kuti chiwerengerocho chikwere.